Mbiri ya kusintha firmware ya rauta kudzera pa seva

Uthenga uliwonse umene munthu amatumiza pa intaneti, kaya ndi moni wa pa WhatsApp kaya ndi ndalama zopita ku banki, umadutsa m'makina angapo otchedwa rauta usanafike kumene ukupita. Ntchito ya rauta ndi kuwerenga adiresi ya kachidutswa kalikonse ka uthengawo ndi kukasankhira njira. Imatero potsatira pulogalamu yokhala m'kati mwake, yotchedwa firmware, ndipo pulogalamuyi sikhala imodzimodzi mpaka kalekale. Ikapezeka ndi cholakwika, kapena ndi pofooka pamene akuba angalowere, kampani yopanga imatulutsa ina. Fayilo yatsopanoyo, imene akatswiri amaitcha image, imaikidwa pa seva. Rauta imaikoka kudzera pa netiweki, n'kuilemba mu memore yake, kenako n'kuzima ndi kuyakanso ikutsatira malamulo atsopano. Mchitidwewu watha zaka zoposa 50. Unabadwira pakati pa anthu odziwana ndi okhulupirirana, choncho funso loti ndani ali ndi ufulu wosintha pulogalamu ya rauta linachedwa kwambiri kufunsidwa. Ngozi zambiri za masiku ano zinachokera pa kuchedwa kumeneko. Komabe mbiri yomweyo ikuonetsa kuti kuleka kusintha firmware n'koopsa kuposa kuisintha, ndipo chofunika ndi kuika mlonda panjira imene fayiloyo imadzera.

Chiyambi chili mu 1969, pamene bungwe la ARPA la boma la America linapatsa kampani ya Bolt Beranek and Newman, ya ku Cambridge m'chigawo cha Massachusetts, ntchito yopanga makina olumikizira makompyuta a m'mayunivesite. Makinawo ankatchedwa IMP, ndipo ndiwo makolo a marauta onse. Anali makompyuta a Honeywell DDP-516 okhala m'kabati yachitsulo yotalika ngati munthu, ndipo gulu la Frank Heart, momwe munali Will Crowther, Dave Walden ndi Bernie Cosell, ndilo linalemba pulogalamu yake. IMP yoyamba inaikidwa ku UCLA, ndipo pofika Disembala chaka chomwecho zinalipo zinayi, zina zili ku SRI, ku Santa Barbara ndi ku Utah. Poyamba pulogalamu inkalowetsedwa ndi tepi ya pepala yobooledwa timabowo, zomwe zikutanthauza kuti pakafunika kusintha kanthu, munthu ankayenera kuima pafupi ndi makinawo tepi ili m'manja. Malo atachuluka kuchokera kugombe lina la America kufika ku linzake, njira imeneyi inakanika. A BBN anakonza zoti IMP izitha kupempha pulogalamu kwa IMP yoyandikana nayo kudzera pa waya womwewo wonyamula mauthenga, moti pulogalamu yatsopano inkayambira ku Cambridge n'kumafalikira malo ndi malo. Panalibe chifukwa choti IMP ifunse mnansi wakeyo kuti ndi ndani. Mawaya anali obwereka ku kampani ya mafoni mwapadera, makina onse ankayang'aniridwa ndi gulu limodzi, ndipo ogwiritsa ntchito anali ofufuza ochepa odziwana mayina.

Mzimu wokhulupirirana umenewu unalowa m'njira imene inadzakhala yotchuka kuposa zonse potumiza firmware, ya TFTP. Woyamba kuilinganiza anali Noel Chiappa, ndipo Karen Sollins wa ku MIT ndiye anailemba m'chikalata cha RFC 783 mu 1981, n'kudzaikonzanso mu RFC 1350 mu 1992. Cholinga chinali chakuti njirayi ikhale yaing'ono kwambiri kuti ikwane m'kachipangizo ka ROM ka makina amene akungoyaka kumene, opanda disiki ndiponso osadziwa kanthu. Makinawo amatumiza pempho ku doko nambala 69 la seva, kutchula dzina la fayilo, ndipo seva imayamba kutumiza zidutswa za mabayiti 512 chimodzichimodzi, kudikira kuti wolandira avomere chilichonse isanatumize chotsatira. Chidutswa chikafika chosakwana 512, ndiye kuti fayilo yatha. Palibe dzina la wopempha, palibe pasiwedi, ndipo uthengawo subisidwa m'njira iliyonse. Mu 1985 Bill Croft ndi John Gilmore anawonjezera BOOTP, yothandiza makina ongoyaka kufunsa pa netiweki kuti adiresi yake ndi iti, seva ili kuti, nanga fayilo yoti akoke ndi iti. Amene wayankha msanga ndiye ankamveredwa. Si bwino kuwaweruza olemba njirazi ngati anthu osasamala, chifukwa memore ya nthawi imeneyo inali yochepa ndi yodula, ndipo njirazi anazipangira chipinda chimodzi kapena sukulu imodzi. Vuto ndi lakuti zinakhalitsa kuposa dziko limene anazipangira.

Malonda a marauta anakula ndi kampani ya Cisco, imene Leonard Bosack ndi Sandy Lerner anaikhazikitsa mu 1984, Bosack akugwirabe ntchito ku yunivesite ya Stanford, kumene William Yeager anali atalemba kale pulogalamu ya rauta. Marauta oyambirira ankasunga pulogalamu yawo m'timachipisi ta ROM. Wofuna pulogalamu yatsopano anali ndi njira ziwiri: kuzimitsa rauta, kutsegula bokosi, kuzula timachipisi takale ndi kubzala tatsopano mosamala kuti timiyendo take tisapindike, kapena kuiuza rauta kuti nthawi iliyonse ikayaka izikoka pulogalamu pa seva ya TFTP. Njira yachiwiriyi inali yosavuta, koma seva ikafa rauta nayo inkayaka ndi pulogalamu yakale kapena yoperewera. Chimene chinasintha zinthu ndi memore ya flash, imene Fujio Masuoka wa ku Toshiba anatulukira, ndipo Intel inayamba kuigulitsa mu 1988. Memore imeneyi imasunga zolembedwa ngakhale magetsi atazima, komanso imafufutika ndi kulembekanso popanda kuizula. Pofika zaka zoyambirira za m'ma 1990, marauta ngati Cisco 2500 ankasunga pulogalamu yawo ya IOS mu flash, ndipo injiniya wokhala ku likulu ankatha kusintha rauta ya mumzinda wina osanyamuka pampando. Kuyambira pamenepo, aliyense wokhala ndi pasiwedi ya rauta anakhala ndi mphamvu imene kale inkafuna sikuludilaiva ndi kiyi wa chipinda.

Ntchitoyi inakhala ndi mwambo wake umene mainjiniya ambiri akuudziwabe. Imachitika pakati pa usiku, anthu ogwiritsa ntchito netiweki atagona. Injiniya amayamba waona ngati flash ili ndi malo okwanira ndiponso ngati memore ya rauta ingathe kunyamula pulogalamu yatsopanoyo, n'kusunga kope ya fayilo yakale ndi ya masetingi pa seva. Kenako amalemba lamulo lakuti copy tftp flash, rauta n'kufunsa adiresi ya seva ndi dzina la fayilo, ndipo pa sikirini pamayamba kutuluka mzere wa zizindikiro za mfuwu zosonyeza kuti zidutswa zikufika. Pakaoneka kadontho, mtima umagunda, chifukwa ndiye kuti chidutswa china chachedwa. Fayilo ikatha, amaiwerengera nambala ya MD5 n'kuifananiza ndi imene kampani inalengeza, amauza rauta kuti idzayake ndi fayilo yatsopanoyo, n'kulemba reload. Kwa mphindi zingapo rauta imakhala chete. Ikapanda kubwerera, munthu ayenera kupita kumene ili, kulumikiza chingwe cha console, ndi kuidzutsa kudzera m'kapulogalamu kakang'ono ka ROMMON. Ngati palibe njira ina koma Xmodem pa liwiro la mabiti 9,600 pa sekondi, fayilo ya 16 MB imatenga pafupifupi maola asanu kuti ilowe. Mantha a usiku ngati umenewu anabala chizolowezi choti chimene chikuyenda usachikhudze, ndipo marauta ambiri anatha zaka akuyendera pulogalamu yakale, eni ake akunyadira kuti sanazimepo.

M'zaka za m'ma 2000 rauta inachoka m'manja mwa mainjiniya n'kulowa m'nyumba za anthu wamba. Mu Disembala 2002 kampani ya Linksys inatulutsa WRT54G, kabokosi ka buluu ndi kakuda ka tinyanga tiwiri. Anthu atazindikira kuti firmware yake inamangidwa pa Linux, anakakamiza kampaniyo kutsatira laisensi ya GPL, ndipo mu 2003 inatulutsa poyera malemba a pulogalamuyo. Pamenepo panabadwa OpenWrt mu 2004 ndi DD-WRT pambuyo pake, mapulogalamu amene mwini rauta ankatha kudziikira yekha, nthawi zina pogwiritsa ntchito TFTP yomwe ija m'masekondi ochepa rauta ikangoyaka. Koma anthu odziwa zimenezi anali ochepa. Ambiri ankagula rauta, kuilumikiza, kuiika pamwamba pa kabati, osaiganiziranso. Makampani ogulitsa intaneti anaona kuti sangadalire kasitomala, choncho mu 2004 bungwe la DSL Forum linatulutsa ndondomeko ya TR-069, yolola seva ya kampani kulankhula ndi marauta mamiliyoni a makasitomala, kusintha masetingi ndi kuwatumizira firmware mwiniwake osadziwa n'komwe. Mphamvu imene mu 1969 inali pa makina anayi tsopano inali pa nyumba za dziko lonse.

Zotsatira za kusafunsa kuti wotumiza ndani zinaonekera poyera mu Seputembala 2015, pamene kampani ya FireEye inalengeza kuti yapeza marauta 14 a Cisco ku Ukraine, Philippines, Mexico ndi India akuyendera IOS yabodza, imene anaitcha SYNful Knock. Achiwembuwo sanathyole chilichonse chovuta. Zikuoneka kuti anapeza pasiwedi, n'kuika fayilo yawo m'njira yomwe injiniya amaikira yake, ndipo rauta inailandira, n'kumaisunga ngakhale itazimitsidwa ndi kuyatsidwanso. Mu Epulo 2018 maboma a America ndi Britain anachenjeza limodzi kuti magulu otumidwa ndi boma la Russia akugwiritsa ntchito TFTP, SNMP ndi Smart Install, njira ya Cisco yoikira pulogalamu pa zipangizo zatsopano popanda pasiwedi, kuti abe masetingi ndi kusintha firmware. Rauta yogwidwa ndi yoopsa kuposa kompyuta yogwidwa, chifukwa zonse za m'nyumba kapena za mu ofesi zimadutsa mwa iyo, ndipo mulibe pulogalamu yolimbana ndi mavairasi yoti ikuwe.

Apa munthu anganene kuti ngati njira yosinthira firmware ndi imene adani amadzera, bwanji osangoitseka? Mfundoyi ili ndi umboni wolemera, ndipo siyenera kupeputsidwa. Pa 24 Febuluwale 2022, tsiku limene Russia inalowa mu Ukraine, achiwembu analowa mu netiweki yoyang'anirira ya satelayiti ya KA-SAT ya kampani ya Viasat n'kutumiza malamulo ofufuta flash ya mamodemu masauzande ambiri. Ku Germany makina 5,800 opangira magetsi ndi mphepo anasiya kulumikizana ndi owayang'anira. Kumapeto kwa Okutobala 2023, marauta oposa 600,000 a kampani ina ya intaneti ku America anafa m'masiku atatu, ndipo ofufuza a Lumen anati chinawapha ndi firmware yoipa yotumizidwa dala. Panalibe kukonza koma kusintha bokosi lililonse. Ngakhale popanda mdani, pulogalamu yatsopano ikhoza kupha: pa 15 Januwale 1990 netiweki ya mafoni ya AT&T inasokonekera kwa maola asanu ndi anayi chifukwa cha cholakwika chaching'ono m'pulogalamu imene inali itaikidwa pa maswichi ake onse 114. Walira mvula walira matope, ndipo amene wafuna kukonza makina miliyoni ali pamalo amodzi wavomeranso kuti cholakwika chimodzi chingathe kuwafikira onsewo nthawi imodzi.

Koma tikaika mbali ziwirizi pa sikelo, marauta osasinthidwa ndiwo avulaza anthu ambiri ndiponso kwa nthawi yaitali. Mu Epulo 2018 kampani ya MikroTik ya ku Latvia inatseka mwamsanga pofooka pa pulogalamu yake ya Winbox, koma pofika Ogasiti marauta ake oposa 200,000, ambiri a ku Brazil, anali atagwidwa ndi akuba amene ankawagwiritsa ntchito pokumba ndalama za crypto. Mankhwala analipo miyezi yonseyo, koma panalibe wowamwetsa. Mu Meyi chaka chomwecho gulu la Cisco Talos linaulula pulogalamu yoipa ya VPNFilter, imene inali italowa m'zipangizo zosachepera 500,000 m'mayiko 54, zambiri zokhala ndi zofooka zodziwika kale. Mu Januwale 2024 FBI inalengeza kuti yasokoneza gulu la marauta ogwidwa lotchedwa KV, ndipo ambiri mwa iwo anali a Cisco ndi Netgear amene nthawi yawo yolandira firmware inali itatha. Chitsanzo chomveka kuposa zonse ndi cha ku Germany mu Novembala 2016, pamene mtundu wina wa pulogalamu yoipa ya Mirai unagogoda pa doko 7547 la TR-069 n'kugwetsa marauta pafupifupi 900,000 a makasitomala a Deutsche Telekom. Kampaniyo inaika firmware yokonzedwa pa seva zake n'kupempha anthu kuti azule rauta kumagetsi kwa kanthawi ndi kuilumikizanso, ndipo rauta iliyonse poyaka inkadzikokera yokha fayilo yatsopano. Chikhala kuti njira imeneyo panalibe, pakanafunika amisiri oyenda khomo ndi khomo kwa miyezi.

Choncho ntchito ya zaka 20 zapitazi yakhala yophunzitsa rauta kufunsa funso limene IMP sinkafunsa. Nambala ya MD5 inkangotsimikiza kuti fayilo sinawonongeke panjira, koma sinkanena kuti yachokera kwa ndani. Siginecha ya dijito ndiyo imayankha zimenezo: kampani imasaina fayilo ndi kiyi wachinsinsi, rauta n'kuyesa siginechayo ndi kiyi wapoyera wosungidwa m'kati mwake, ndipo fayilo yosinthidwa ngakhale biti imodzi imakanidwa. Russ Housley analemba ndondomeko yotere mu RFC 4108 mu 2005. Pamwamba pake panabwera kuyesa siginecha nthawi iliyonse rauta ikuyaka, kutumiza fayilo kudzera pa HTTPS kapena SCP m'malo mwa TFTP, kusunga mafayilo awiri mu flash kuti yatsopano ikakanika rauta ibwerere ku yakale, ndi kuyamba ndi marauta ochepa kuti cholakwika chioneke chisanafalikire. Wotsutsa adzakumbutsa za kampani ya Juniper, imene mu Disembala 2015 inavomera kuti m'pulogalamu yake ya ScreenOS munali malemba osaloledwa otsegulira akazitape khomo; fayiloyo inkachokera ku kampani yeniyeni, ndipo siginecha siikanagwira kanthu. Adzakumbutsanso chenjezo la America ndi Japan la Seputembala 2023 lonena za gulu la BlackTech, limene linkayamba labwezera rauta ku firmware yakale yovomerezeka kuti lipeze mpata woika yabodza. Zonsezi n'zoona, koma zikungosonyeza pamene ulonda uyenera kuwonjezedwa: posungira malemba a pulogalamu, posungira kiyi, ndi pa lamulo loletsa kubwerera ku fayilo yodziwika kuti ndi yofooka. Ndipo makasitomala a Juniper anapulumuka bwanji? Anakoka firmware yokonzedwa pa seva.

Chitsutso china, chimene ndi cholungama kwambiri, n'chokhudza ufulu wa mwini rauta. Ngati bokosi limamvera siginecha ya kampani yokha, ndiye kuti wogula walipira ndalama koma mwini weniweni ndi wopanga. Mu Juni 2012 Cisco inatumiza firmware yodziika yokha ku marauta ake a Linksys EA2700, EA3500 ndi EA4500, ndipo eni ake anadzuka n'kupeza kuti sangathenso kusintha masetingi ambiri popanda kulembetsa ku Cisco Connect Cloud. Anthu atakwiya, kampaniyo inapepesa n'kubweza. Mu 2016 TP-Link inayamba kutsekereza firmware ya anthu ena ku America ponena kuti ikutsatira malamulo a bungwe la FCC, koma pa mgwirizano wake ndi bungwelo chaka chomwecho, pamene inalipira chindapusa cha madola 200,000, inavomera kugwira ntchito ndi olemba mapulogalamu apoyera kuti mpatawo ukhalepo. Nkhani ziwirizi zikuonetsa malire oyenera. Firmware yotseka pofooka izibwera yokha popanda kudikira munthu, koma kampani isabisemo zofuna za malonda ake, chifukwa ikatero anthu amazimitsa apudeti yonse n'kubwerera ku ngozi yakale. Ndipo munthu amene wagwira bokosi m'manja, n'kudina batani limene wakuba wakutali sangalifikire, aziloledwa kuikamo pulogalamu imene wasankha. OpenWrt yatalikitsa moyo wa marauta ambiri amene opanga anawasiya kalekale, ndipo kutseka njira imeneyo n'kuwonjezera chiwerengero cha mabokosi amasiye.

Malamulo a maboma afika mochedwa, koma akulowera komweko. Mu 2016 bungwe la FTC la ku America linagwirizana ndi ASUS kuti chitetezo cha marauta ake chizifufuzidwa ndi anthu apadera kwa zaka 20. Limodzi mwa madandaulo linali lakuti batani loyang'anira apudeti linkauza anthu kuti firmware yawo ndi yatsopano pamene panali ina yoposa. Kuyambira pa 29 Epulo 2024, lamulo la ku Britain limaletsa kugulitsa zipangizo zokhala ndi pasiwedi yofanana kwa aliyense, ndipo limakakamiza wopanga kunena poyera kuti adzatumiza firmware yachitetezo mpaka liti. Lamulo la European Union la Cyber Resilience Act, limene lidzayambe kugwira ntchito mokwanira mu Disembala 2027, likufuna kuti zipangizo zambiri zizithandizidwa zaka zosachepera zisanu. Malamulowa akuvomereza zimene mbiri yaonetsa, kuti wogulitsa rauta sanamalize ntchito yake pa tsiku logulitsa.

Kwathu kuno nkhaniyi ikutikhudza mwapadera pa zifukwa ziwiri. Masukulu, maofesi ang'onoang'ono ndi ogulitsa Wi-Fi ambiri amadalira marauta a kaunjika kapena opatsidwa ndi abwenzi akunja, ndipo ena mwa iwo anafika nthawi yawo yolandira firmware itatha kale. Komanso magetsi amathima mosachenjeza, pamene mphindi zolemba flash ndi zimene rauta siyenera kuzima. Choncho wogula afunse kaye kuti chipangizocho chizilandira firmware mpaka chaka chiti, ndipo ngati wogulitsa sakudziwa, ayang'ane pa tsamba la kampani yopanga asanalipire. Woyang'anira netiweki atenge fayilo kwa wopanga yekha, ayese siginecha yake, asunge kope ya yakale, alumikize rauta ku batire asanayambe, ndipo azimitse seva ya TFTP ntchito ikangotha. Wa panyumba asinthe pasiwedi imene rauta inabwera nayo, ayatse apudeti yodzichitikira yokha, ndipo bokosi limene opanga analisiya aliikemo pulogalamu ina yosamalidwa kapena alichotse pa intaneti. Lero lomwe, tsegulani tsamba la masetingi a rauta yanu muone deti la firmware imene ikuyendera.